Thumba la Usipa ndi Maondo a Apongozi Anga

Kuchokera kwathu ku Chembe kukafika ku Namwera si ulendo woti munthu n'kuchita kutsanzika abale. Ukalawira, magalimoto n'kukukomera mtima, umakafika dzuwa lisanafike paliwombo. Ine ndinauyenda tsiku lathunthu. Ndikamaufotokoza ulendowu anthu amathamangira kunyoza misewu yathu ndi madalaivala athu, ndipo ndimawasiya anyoze, poti misewuyo ndi yoipadi. Koma lero ndinene chilungamo. Amene anatichedwetsa tsiku limenelo ndi ine, pamodzi ndi thumba langa la usipa.

Apongozi anga, Abiti Yusufu, anali atakhala nafe miyezi itatu. Kwawo ndi kufupi ndi Namwera ndipo ndi Asilamu, pomwe ine ndinakulira m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Mwana wawo Twaibu, yemwe ndi mwamuna wanga, ali ku Joni, ndiye mayiwo anabwera kudzaona adzukulu, Shami ndi abale ake, komanso kudzapumitsa maondo amene ankawatupa akagwira khasu. Tinkakhala bwino. Ndi munthu wosachuluka mawu, pomwe ine pakamwa panga sipapuma, choncho m'nyumba munalibe kulimbirana.

Mayiwa anali ndi m'bale mmodzi yekha wotsala, akulu awo a Halima. Awiriwa anasambitsa limodzi thupi la mayi awo, ndipo tsiku lomwelo analonjezana kuti amene adzatsale ndiye adzasambitse mnzake. Kwa Asilamu mkazi akamwalira amasambitsidwa ndi akazi anzake. Apongozi anga ankati ntchito imeneyi si yosiyira anthu apadera, chifukwa wako yekha ndi amene amaona thupi lako litatha n'kusunga pakamwa. Nkhaniyi anandiuza kangapo tikusankha usipa pathandala. Sindinganame kuti sindinkaidziwa.

Foni inalira kutangoyera, mu Okutobala, kutentha kutayamba kale. Anali alamu anga a Mariyamu, mwana wa a Halima.

"Alamu, amayi atisiya," anatero. "Auzeni amayi aang'ono anyamuke pompano. Tiika ikangotha swala ya masana kumzikiti."

Apongozi anga sanakuwe. Ananena mawu awo achiarabu aja motsitsa, n'kulowa kuchipinda. Ndisanamalize n'komwe kutumiza ana kwa mng'ono wanga, iwo anali ataima pakhomo, mpango kumutu, kachikwama m'manja. Ndinawaona akuikamo sopo watsopano wosatsegula ndi kabotolo ka mafuta onunkhira. Zinthu zimenezi ankazisunga pansi pa sutikesi kuyambira pomwe akulu awo anayamba kudwala.

Ine maso anga anali pakona. Pamenepo panali thumba lalikulu la usipa wouma, losokerera pamwamba, ntchito yanga ya sabata yonse. Ku Mangochi boma kuli mayi wina amene amandipikula pamtengo wabwino, ndipo njira ya ku Namwera imadutsa pa boma pomwepo. Ndinaganiza kuti kumaliro ndikatha masiku, usipa utsala ukuchita nkhungu ndi kudyedwa ndi makoswe. Za nthawi sindinade nazo nkhawa. Kwathu maliro amadikira abale. Bambo anga atamwalira tinagona nawo masiku awiri kudikira amalume ochokera ku Mzuzu, ndipo palibe anadandaula. Ndinkadziwa ndithu kuti Asilamu amaika tsiku lomwelo, koma mumtima ndinkati, ndani angaike munthu mng'ono wake weniweni ali m'njira? Ndinalikoka thumba lija kutuluka nalo panja. Apongozi analiyang'ana, n'kuyang'ana ine.

Pasiteji tinapeza njinga zamoto zitandandalika, eni ake akuyasamula. Galimoto ya matola inali imodzi, yopanda munthu.

"Tikwere izi," anatero apongozi, akuloza njinga.

"Amayi, ndi maondo anuwo? Msewu wa m'mapiri uja? Mukafika mutathyoka. Tidikire galimoto."

"Ndikhoza, amake Shami."

"Ayi amayi. Mutagwa a Twaibu ndikawauza chiyani?"

Ndinayankhula ngati mpongozi wachikondi, mpaka amayi ogulitsa mandasi pamenepo anandivomereza. Koma nkhani sinali maondo. Thumba lija likanafuna njinga yakeyake yachitatu, ndipo anyamata a njinga amalilipiritsa ngati munthu wamkulu. Pa matola limangoponyedwa kumbuyo, mtengo wake n'kukhala wokambirana.

Dalaivala wa matola analumbira kuti tikunyamuka pompano. Aliyense wa ku Chembe amadziwa kuti pompano wa matola ndi wotani. Mudzi wathu ndi wautali ngati chingwe, nyumba zothithikana, kanjira kamodzi kamchenga pakati pa mipanda, ndipo galimoto siichoka isanauyende kuchokera kumapeto kukafika kumapeto ikuliza hutala. Tinauyenda katatu. Tinanyamula makireti opanda kanthu a ku loji, mabeseni a nsomba zaziwisi akudontha madzi, matiresi, ndi injini ya boti yopita kokakonzetsa imene inafuna amuna anayi kuti ikwere. Pena tinaima kudikira munthu amene ankasamba. Ndinawapezera apongozi mpando wakutsogolo ndipo ndinadziona ngati ndachita chamuna. Ine ndinakhala kumbuyo, pamwamba pa thumba langa, nkhope ili kudzuwa. Tinatuluka m'mudzi eyiti koloko itadutsa, njinga zamoto zija zitapita kale ulendo woyamba n'kubwerako.

Pachitunda chachikulu galimoto inatsokomola n'kuima. Amuna anatsika, wina n'kuika mwala kutayala, ena n'kumakankha, anyani ali pamiyala kutionerera. Zimenezi sizinadabwitse munthu. Tinafika pamphambano ya msewu waukulu cha m'ma naini.

Pamphambanopo panaima kagalimoto kakang'ono, aja timati masiyenta, kakuloza ku Mangochi, injini ikulira.

"Awiri! Awiri omaliza boma!" anakuwa dalaivala wake.

Apongozi anatsika pa matola mofulumira kuposa mmene ndinkawadziwira, ndipo phazi limodzi anali ataliponda kale m'kagalimotoko. Dalaivala anaona thumba likutsitsidwa.

"Mayi, ilo ndi lanu? Anthu awiri inde, koma nsomba ayi. Kumbuyoku kwadzaza, ndipo muli zovala za eni ake. Mukafuna lilipire mipando iwiri, nditsitse ena."

Apa m'pamene ndikanalisiya. Pamphambanopo pali amayi ogulitsa nthochi amene ndimawadziwa ndi maina, akanandisungira mpaka sabata. Maganizo amenewa anabwera ndithu, sindikana. Koma ndinawagwira apongozi pamkono.

"Amayi, taonani mmene apanikizirana umu. Anayi pampando wa atatu. Maondo anu sapirira. Tiyeni ku depoti tikakwere minibasi."

Anabweza phazi lawo pang'onopang'ono. Amuna awiri amene anatsika nafe analowa m'malo mwathu, chitseko chinatsekedwa, kagalimoto kaja n'kuzimiririka. Ife tinakwezanso thumba pa matola kulowera ku Monkey Bay, kumene ndi kubwerera m'mbuyo.

Ku depoti tinapeza minibasi yooneka yodzaza, dalaivala ali pachiwongolero akuponda moto, oitanira akumenya m'mbali mwake. Ndinapuma. Thumba analikankhira kumbuyo, pamwamba pake n'kusanjikiza katundu wina, n'kumanga chitseko ndi chingwe poti sichinkatsekeka. Kondakitala anatolera ndalama tisanakhazikike n'komwe.

Nditakhala pansi m'pamene ndinawayang'ana bwino anzathu a paulendowo. Wina wa chipewa chofiira ankadya nzimbe, alibe ngakhale kajumbo. Awiri kumbuyo ankakambirana za mpira ndi woitanira kudzera pawindo ngati anthu ogona nyumba imodzi. Ine ndine wa geni, msewu umenewu ndauyenda zaka zambiri, ndipo ndinadziwa pomwepo. Amenewa sanali apaulendo. Ndi anthu amene amangokhalitsidwa m'galimoto kuti ioneke yodzaza, ndipo akalowa wapaulendo weniweni, mmodzi wa iwo amatsika mwakachetechete ngati akukataya madzi. Nditawerenga mumtima, enieni tinalimo asanu.

Ndikanatha kuchita phokoso, ndipo phokoso ndimalitha. Koma thumba linali pansi pa katundu wa anthu, lomangidwa, lolipiridwa. Ndinangokhala duu. Wa chipewa chofiira uja anatsika, analowa mayi wa mwana kumbuyo. Patapita nthawi anatsika wina, analowa bambo wonenepa wa mawu aakulu amene anakhala pafupi nane, n'kudzidziwitsa yekha kuti ndi wosoka maukonde ndipo akupita ku boma kukagula ulusi. Anthu ankalowa, koma minibasi sinkadzaza.

Foni inalira. A Mariyamu.

"Alamu, muli pati?"

"Tadutsa pa Nkope," ndinatero, osaphethira n'komwe.

Bodza limeneli tonse timanama. Munthu ali m'bafa amati ali pasiteji, ali pasiteji amati watsala pang'ono kufika. Linatuluka lokha. Bambo wa maukonde anaseka mpaka mimba kugwedezeka.

"Mayi, Nkope yake iti? Kapena aisamutsa usiku, yabwera kuseri kwa depoti?"

Anthu anaseka. Apongozi anga sanaseke. Anatulutsa mikanda yawo yopempherera n'kutembenukira kuwindo.

Tinanyamuka leveni koloko ili pafupi, ndipo choyamba chinali kukasaka mafuta. Pamalo omwetsera panali mzere wa magalimoto koma mafuta munalibe, choncho tinakhotera kuseri kwa magolosale kumene munthu wina anatuluka ndi chigubu ndi botolo lodula pakati. Kenako tinauyamba msewu wa ku Mangochi.

Msewu umenewu ulibe malo oti galimoto n'kuthamanga. Midzi inagwirana kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku boma, ndipo aliyense amayenda pa tala yemweyo: njinga zonyamula makala, ana a sukulu, mbuzi, ngolo, amayi osenza mitolo ya udzu. M'mbali tala anadyeka, ndiye magalimoto awiri akakumana mmodzi amayenera kutsikira m'fumbi. Munthu akangoimika dzanja, ngakhale akungodzikanda m'mutu, minibasi imaima. Wina anatsika pamtengo wa mlambe, wina n'kukana kutsika naye, ati kwawo ndi pamtengo wotsatirawo, womwe tinkauona ndi maso.

"Dziko lathuli ndi laling'ono," anatero bambo wa maukonde, akuuza minibasi yonse. "Pamapu mukaika chala chimodzi mwaphimba Monkey Bay ndi Mangochi yemwe. Koma kwerani galimoto muone. Mwana wanga amachoka ku Joni pandege, n'kufika ku Blantyre ine ndisanafike ku boma."

Ndinaseka nawo, kenako n'kuyang'ana nthawi pafoni. Tisanafike pamalo pomwe apolisi amaimitsa magalimoto, kondakitala anatsitsa anthu atatu opyola muyeso n'kuwakweza njinga zakabaza kuti akatipeze kutsogolo. Tinadutsa bwinobwino ngati anthu olongosoka, n'kukaima kuseri kwa khona kuwadikira. Mmodzi njinga yake inaphwa tayala ndipo anafika wapansi, akupukuta thukuta, akutukwana.

Pa Nkope yeniyeni tinafika dzuwa lili pamutu. Bambo wa maukonde anandigunda ndi chigongono, ati mayi, tafika kachiwiri. Titapita patsogolo pang'ono tinaima pafupi ndi mzikiti, akutsitsa matumba a simenti, ndipo tinamva kuitana kwa swala ya masana. Apongozi anatseka maso. Foni inaliranso.

"Tikulowa m'boma, alamu," ndinatero, mawu ali pansi.

"Chabwino. Amayi osambitsa afika kalekale, madzi atenthetsa kawiri. Ndawapempha adikire amayi aang'ono. Ashehe avomera kuti tiike ikatha swala ya Asiri, cha m'ma hafu firii, koma kupitirira apo akana. Kwatentha, alamu."

Anatidikira. Ichi ndi chimene chimandiwawa mpaka lero. Anthu amene ndinkati sangaike m'bale wawo asanafike anasunthadi nthawi yawo, chinthu chimene sachita wamba, ndipo anasuntha chifukwa chokhulupirira mawu anga akuti tili pafupi.

Tinalowa m'boma wani koloko itapitirira. Nthawi inalipobe. Kuchokera pamenepo kukafika ku Namwera galimoto yabwino siitha ola ndi theka, ndipo kusambitsa kukanatheka. Thumba linatsitsidwa, litaphwanyika mbali imodzi, likununkha dzuwa. Ndinawakhazika apongozi pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi siteji ya magalimoto a ku Namwera.

"Amayi, mphindi khumi zokha. Ndingokalisiya kumsika."

"Pitani," anatero.

Ndinakweza thumba pa kabaza, ine n'kukwera ina. Kumsika mayi wondipikula uja kunalibe, ati wapita kukaswali, abwera posachedwa. Ndinadikira. Atabwera anamasula thumba, n'kulowetsa mkono mpaka m'chigongono, n'kutulutsa usipa wapansi wonyenyeka, ati waphwanyika uwu, mtengo utsike. Ndipo ine Esinati, amene ndinasiya mayi wofedwa pakhonde la sitolo, ndinayamba kukangana naye. Ndinamuonetsa wapamwamba, ndinalumbira, ndinachita ngati ndikumanganso thumba kuti ndipite kwa wina. Pa geni ndikayamba sindimva kanthu. Ndinapambana, mtengo sunatsike. Nditayang'ana pafoni, thuu koloko inali itakwana.

Apongozi ndinawapeza ataima padzuwa pakati pa siteji, kachikwama atakakumbatira pachifuwa.

"Galimoto ina inapita," anatero. "Inkafuna awiri. Ndinawapempha adikire, anadikira pang'ono."

Ndikanakonda akananditukwana pamaso pa anthu onse aja.

Yotsatira inali siyenta ngati yomwe ndinaikana m'mawa, ndipo inatenga theka la ola kuti idzaze. Anatipanikiza anayi pampando wa atatu, maondo a apongozi atagunda mpando wakutsogolo, chigubu cha mafuta ophikira cha munthu wina chili pamapazi awo. Sanadandaule ngakhale kamodzi. Tinawoloka mlatho wa pa Shire pakati pa njinga zakabaza zosawerengeka, kenako tinayamba kukwera mapiri a Chowe.

Kumeneko msewu umapindika ngati njoka, ndipo tinapezeka kumbuyo kwa lole yodzaza matumba yopita kumalire a Mozambiki, ikukwawa ndi kutifukizira utsi. Poidutsa panalibe. Tili pakati pa phiri, kagalimoto kathu kanayamba kununkha chopsa, ndipo dalaivala anakaimika pambali n'kutsegula kutsogolo. Nthunzi inatuluka. Madzi amene anali nawo sanakwane, ndiye anayamba kupempha a m'mabotolo mwathu. Apongozi anapereka awo, omwe sanamweko chichokereni ku Chembe. Tinakhala pamiyala m'mbali mwa msewu kudikira injini izizire. Ena ankayang'ana kumunsi, kuloza mtsinje ndi nyanja mmene zikuonekera bwino. Ine ndinkangoyang'ana foni.

Inalira. Ulendo uno a Mariyamu sanafunse kuti tili pati.

"Alamu, tayamba kusambitsa."

Apongozi anandiyang'ana.

"Ayamba?"

"Ayamba, amayi."

Anatambasula dzanja, ndinawapatsa foni. Anayankhula m'Chiyao, ndipo Chiyao changa ndi chotolatola, koma ndinamva. Ankati madzi asatenthe kwambiri, achemwali sankawakonda otentha. Ankati paphewa lakumanzere pali bala lakale, agwirepo mofatsa. Ankati tsitsi aliluke bwino, patatu, asachite mothamanga. Mawu awo sananjenjemere mpaka pomaliza, pomwe anati, "Muwauze achemwali kuti ndinanyamuka." Anandibwezera foni n'kupukuta kumaso ndi nsonga ya mpango.

Kuchokera pamenepo galimoto inayenda bwino, ngati ikutiseka. Tinadutsa minda yolimidwa kale yodikira mvula ndi zigafa za fodya, mphepo yozizira ikulowa pawindo. Titatsala pang'ono kufika pa Namwera, pomwe pali njira yolowera kumudzi kwa apongozi, tinaona masamba ataikidwa pamsewu. Dalaivala anazimitsa wailesi, n'kuchepetsa liwiro, kenako n'kuima.

Amuna ankadutsa msewu, ambiri, atavala mikanjo ndi zisoti, akuyenda mofulumira. Pamapewa anali atanyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, akulandirana osaima, uyu akachoka uyu walowa. Pamwamba pake anayalapo chitenje chobiriwira cha madontho oyera. Ndinachidziwa, chifukwa chinzake chinali m'chiuno mwa apongozi anga. Twaibu anawatumizira awiriwo nsalu imodzi, iwo n'kudulirana.

Apongozi anatsegula chitseko n'kutsika. Akazi sapita kumanda, ndiye sanathamangire. Anaima m'mphepete mwa tala, kachikwama kali m'manja, kuyang'ana mpaka chitenje chija chinalowa m'mitengo. Dalaivala, amene njira yonse ankakalipira aliyense, anatsika yekha n'kunditsitsira kachikwama kanga mwaulemu.

Tinayenda wapansi kukafika kunyumba ya maliro. Tisanalowe, apongozi anandikokera kuseri kumene kunali mgolo wa madzi. Anatsegula kachikwama, anatulutsa sopo uja, anang'amba pepala lake n'kundipatsa.

"Sambani m'manja, amake Shami. Mukununkha usipa, ndipo m'nyumbamo muli anthu."

Sananene mokalipa. Ananditungira okha madzi n'kumandithirira. Ndinasamba ndi sopo amene anagulira akulu awo, misozi ikugwera m'thovu, ndipo iwo anadikira mpaka nditamaliza.

M'nyumba munali amayi okhaokha, atakhala pamikeka. Apongozi atalira ndi a Mariyamu n'kukhala pansi, mayi wina wachikulire amene anatsogolera kusambitsa anafunsa funso limene aliyense anali nalo.

"Abiti Yusufu, mwachedwa kuti? Timamva kuti muli pa Nkope m'mawa."

Ndinaweramitsa mutu kudikira. Ndinali wokonzeka, ndipo mwina ndinkafuna kuti zituluke.

"Maondo angawa," anatero apongozi, akuwasisita. "Mpongozi wangayu amati tikwere njinga zamoto, tikwere timagalimoto tothamanga. Ine ndinaopa. Ukalamba."

Amayi aja anapukusa mitu mwachisoni. Wina anandigwira paphewa, ati Mulungu akudalitseni mwana wanga, apongozi a masiku ano ndani angaperekeze mayi wa mwamuna wake ulendo wonsewu. Anandipatsa malo abwino pamkeka, anandipatsa tiyi. Ndalama za usipa zinali pamfundo ya chitenje changa, zikundikanda pamimba, ndipo tiyi uja ndinamumeza ngati mankhwala.

Ndinakhala masiku atatu. Ndinatunga madzi, ndinatsuka mbale, ndinagwira ntchito iliyonse imene ndinaiona, koma mpata woti ndikhale ndi apongozi awiriwiri ndinkauthawa ndekha. Twaibu anaimba kuchokera ku Joni, ndipo ndinawamva akumuuza zomwezo, za maondo. Mpaka lero amadziwa choncho.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndinatsanzika kuti ndibwerere kwa ana. Apongozi anati atsala kwawo, koma andiperekeza mpaka pa Namwera, akagule shuga wa alendo. Kuchokera kumudziko njira yachidule ndi ya miyala, yotsetsereka, yodutsa pakamtsinje kopanda mlatho, yoipa kuposa ya kwathu. Tili pabwalo ndinayamba, "Amayi, tsiku lija ine…"

Iwo anali atakweza kale dzanja kuimitsa njinga zamoto ziwiri zimene zinkadutsa. Anakwinya chitenje chobiriwira chija, anaponda pachitsulo, n'kukhala pampando kamodzi n'kamodzi, popanda wowagwira dzanja. Anakonza mpango, anaika kachikwama pamiyendo, n'kutembenuka kundiyang'ana.

"Kwerani yanu, amake Shami," anatero. "Mungachedwe. Ana akukudikirani."